Ziro ya Amake Mapasa

Amake Mapasa anaima pakhomo pa galaja, thireyi ya tiyi ili m'manja, koma panalibe amene anacheuka. Amuna awo, a Sipanala, anali atawerama pa makina awo atsopano, ndipo pambali pawo, phewa ndi phewa, panali mayi uja wa ovololo yabuluu. Mitu iwiri ya imvi inatsala pang'ono kugundana, maso onse ali pa kathovu ka mu levulo, kachida koonera ngati chinthu chapendama.

"Kwezani pang'ono mbali yanuyo, achimwene," anatero mayiyo. "Ayi, mwapyoletsa! Manja amenewa ndi omwe aja, kapena mwachita kubwereka?"

A Sipanala anaseka mpaka kutsokomola. Amake Mapasa zinawapweteka, osati pang'ono. Kuseka kotere iwo anali atakuiwala kalekale, chifukwa m'nyumba bambowo ankangoyankha kuti "hm" ali kuseri kwa nyuzipepala.

A Sipanala anagwira ntchito yosema zitsulo ku fakitale mpaka imvi mbuu, ndipo dzina limeneli anawapatsa ndi anzawo a kumeneko. Atapuma pa ntchito anangokhala ngati nkhuku yonyowa, kufikira tsiku limene anagula makina ang'onoang'ono osemera zitsulo n'kuwaika m'galaja. Makinawo anali ndi tebulo lachitsulo loyenda uku ndi uku, ndipo pamwamba pake panali mutu wozungulitsa mpeni woboolera ndi kusemera. Vuto linali maso. Timizere ta pa zida zopimira bambowo sankationanso bwino, ngakhale atavala magalasi. N'chifukwa chake anaitana mnzawo wakale wa ku fakitale, mayi amene aliyense ankangomutcha Ovololo, kuti adzawathandize kukhazika ndi kuwongola makinawo.

Tisanamizane, Amake Mapasa sankaopa za chibwenzi. Ovololo anali wamkulu kwa iwo, zikhadabo zakuda ndi girisi, mawu ngati a kondakitala wa basi. Chimene chinkawadya moyo chinali kalankhulidwe ka awiriwo. Ankalankhula manambala okhaokha, wina akayamba chiganizo mnzake n'kumaliza, kenako onse n'kuphulika kuseka. Chilowereni m'banja, wounikira tochi pansi pa sinki ankakhala iwo, wogwirira makwerero ankakhala iwo. Lero asanduka wonyamula tiyi, m'galaja yawo yomwe!

"Odi muno! Kapena ndibwerenso mukamaliza msonkhano?"

"Aa, alamu anga!" Ovololo anaweramuka akupukuta manja pa ntchafu. "Lowani mudzaone mwana wanu watsopano. Miyendo yakhazikika bwinobwino tsopano, watsala mutu wokha. Umenewo ndi wa Loweruka."

Ulamu wake uti? Amake Mapasa anafunsa chamumtima. Anatsitsa thireyi pa benchi mwamphamvu mpaka makapu analira.

A Sipanala anatenga supuni n'kuilozetsa ku shuga, koma Ovololo anakokera kambaleko kumbali. "Achimwene, adokotala aja anati chiyani? Imodzi yokha basi."

"Mwaonatu amayi?" anatero a Sipanala akumwetulira. "Apolisi andichulukira pakhomo pano."

Amake Mapasa sanaseke nawo. Nkhani ya adokotala inali ya kuchipinda, ya iwo ndi amuna awo. Ngakhale mapasa awo, amene anali pa mabanja awo, anali asanauzidwe. Ndiye kuti bambowa akumamukhuthulira zonse mayiyu, eti? Lero shuga, mawa adzayamba kuwasankhira malaya.

Nthawi yoweruka itakwana, anadzipereka okha kuti amuperekeze mlendoyo. Atafika pageti, kumene a Sipanala sakanamva, anatsitsa mawu.

"Mwatithandiza kwambiri, Mulungu akudalitseni. Koma nanunso muli ndi kwanu. Loweruka musavutike, mutuwo tiwongola tokha."

Ovololo sanali mwana, anamva.

"Achimwene akudziwa?"

"Achimwene anuwo ndi amuna anga. Ndiwauza."

"Chabwino, alamu. Geji yanga yopimira ndaisiya pa shelefu, muigwiritse ntchito. Koma tiyeni ndikuonetseni kawerengedwe kake, sitichedwa. Ili ndi kakhalidwe kake."

"Ija yokhala ngati wotchi? Wotchi ndinayamba kuwerenga ndili kamtsikana."

"Safunsa anadya phula, alamu."

"Mlendo ndi mame, amayi."

Ovololo anakwera njinga yake yamoto n'kumapita, ndipo Amake Mapasa anatseka geti mtima uli m'malo.

Loweruka m'mawa, a Sipanala atamva kuti Ovololo sabwera, anakanda chibwano. Amake Mapasa anali atakonzekera mkangano, mawu onse atawanoleratu. Koma bambowo anangowayang'ana pamwamba pa magalasi.

"Ndiye inuyo mukufuna kundiwerengera geji?"

"Nanga maso angawa ndi a chiyani? Okongoletsera nkhope?"

"Bwerani," anatero a Sipanala, nkhope itawala ngati ya mnyamata. "Ine ndimayesa zitsulozi zimakunyansani."

M'galaja muja anawaimika pafupi ndi makina n'kuyamba kufotokoza. "Mutu uwu uyenera kuima chilili pamwamba pa tebuloli, osapendamira kumanja kapena kumanzere. Ukapendama, bowo lililonse limene ndingaboole likhala lopendama." Anamangirira geji ku kamkono kachitsulo kunsi kwa mutuwo. Inalidi ngati wotchi, koma inali ndi kamwendo kunsi kwake kokhudza tebulo, ndipo kamwendoko kakangokankhika pang'ono, muvi unkayenda. "Ndikhudzitsa kumanzere kuno, muvi tiuika pa ziro. Kenako ndizungulitsa kamkonoka kupita kumanja. Muvi ukakaimanso pa ziro kumeneko, ndiye kuti mutu wawongoka. Ukapanda kutero, ine ndizigogoda mutuwu ndi hamala ya labala, inu muzindiuza kumene ukupita."

Pankhope ya gejiyo panalinso kamuvi kena kakang'ono, kokhala ndi timanambala take. Za kameneko a Sipanala sananene kanthu. Munthu chimene anachizolowera amaiwala kuti mnzake sachidziwa.

Abale inu, ntchito imeneyi ndi yofuna mtima! Anamasula mabawuti a mutu, ndipo kugogoda kunayambika. Gogodani pang'ono, zungulitsani, yang'anani, bwererani kumanzere, ikaninso pa ziro. Muviwo unali ngati mwana wosamva. Ukati ukufika, hamala ikangokhudza, wapitirira kale.

"Watsala pang'ono. Gogodaninso. Ayi, mwapyoletsa, bwezani!"

"Ndibwezere mbali iti?"

"Uko. Ayi, kuno. Dikirani kaye, musandisokoneze."

"Kuona maso a nkhono n'kudekha, amayi. Yang'anitsitsani."

Msana unayamba kuwaphwanya Amake Mapasa, thukuta likutsikira m'khosi. A Sipanala anaika hamala pansi, anapukuta magalasi ndi malaya, n'kuusa moyo.

"Ovololo akanakhalapo bwenzi pano..." Sanamalize, koma mawuwo anali atalowa kale pamene amapweteka.

Anayambiranso. Amake Mapasa analuma mano, maso onse pa muvi waukulu, mpaka anaukokera pa ziro imene inali pafupi. Kumanzere ziro. Kamkono katazungulira kumanja, muvi unanjenjemera pang'ono n'kuima pa ziro ndendende. Koma maso awo, amene analidi akuthwa, anaonanso china. Kumanzere kuja kamuvi kakang'ono kanali pa thuu. Kumanja kuno kanali pa firii.

Kodi kameneka kali ndi ntchito? Funsolo linafika pakamwa penipeni. Koma kufunsa kunali kuvomera kuti Ovololo ananena zoona pageti paja, ndipo "akanakhalapo" uja anali akulirabe m'makutu. Kakanakhala kofunika bwenzi bambowa atanena, anadziuza choncho.

"Ziro!"

"Mbali zonse?"

"Mbali zonse. Ndili ndi maso ine."

A Sipanala anamanga mabawuti pang'onopang'ono, ili kenako ilo, n'kupimanso. Muvi waukulu sunasunthe. Anagwira akazi awo paphewa ndi dzanja lagirisi, bulauzi yoyera n'kuthimbirira, koma iwo sanadandaule.

"Maso anga ndinu, amayi," anatero.

Masana a tsiku limenelo Amake Mapasa anachapa akuimba, mpaka mayi woyandikana nawo anasuzumira pampanda kufunsa ngati kwabadwa mdzukulu.

Ntchito yoyamba inachokera kwa wophika buledi wa mumsewu mwawo momwemo. Makina ake okandira ufa anali atathyoka chitsulo chogwira shafuti, ndodo yachitsulo imene imazungulira m'kati mwake, ndipo iye anabweretsa chitsulo chatsopano chimene anachipeza movutikira, kuti a Sipanala achiseme n'kuboola bowo lolowa shafutiyo. Bambowo anagwira ntchitoyo modekha, akuimba mluzu. Chitsulocho chinatuluka chonyezimira, ndipo anachinyamula kukawaonetsa akazi awo kukhitchini asanachipereke.

M'mawa mwake wophika buledi anabweranso, chitsulo ndi shafuti zili m'thumba la ufa.

"Madala, pepani. Shafuti ikulowa mopendama. Tikangoliza makina ikutentha mpaka kununkha."

A Sipanala analowetsa shafuti m'bowo muja, n'kugunditsa sikweya yopimira kuwongoka m'mbali mwake. Mpata umene unatsala pakati pake, ngakhale maso awo ofookawo anauona. Amake Mapasa anali pakhomo, mbale yonyowa ili m'manja.

Munthuyo akanakalipa zikanakhalako bwino. Koma analankhula mofatsa ngati akupepesa maliro. "Musadandaule, madala. Inu munagwira ntchito nthawi yanu. Ndikapereka kwina, palibe mlandu."

Atapita, a Sipanala anakhala pa kampando ka m'galaja, manja ali pa mawondo, akuwayang'ana ngati ndi a munthu wina.

"Geji sinama," anatero. "Inunso simungandinamize. Ndiye watsala ndani? Ndi ine. Kaya ndinamanga chitsulo mokhota, kaya dzanja linanjenjemera, sindinaone n'komwe."

"Mwina ndi makinawa, abambo."

"Makinawa ndi atsopano, amayi. Chokalamba muno ndi chimodzi."

Anatenga nsalu yakale ya pabedi n'kufunditsa makinawo, kuyambira kumutu mpaka kumiyendo.

Kuyambira pamenepo Amake Mapasa anawapeza amuna awo, onse athunthu. M'mawa ankakhala nawo pakhonde. Popita ku golosale bambowo ankanyamula basiketi, poyanika zovala ankagwirizira mapegisi. Si zimene ankafuna zimenezi? Masiku oyamba zinkawakomera ndithu, ndipo dzina la Ovololo silinkamvekanso pakhomopo. Koma kenako anayamba kuona zina. Ndevu zinamera, bambowo osazimeta. Tiyi ankazizira m'kapu. Masana ankagona pampando kukamwa kuli yasa, ngati nkhalamba za pamzere wa kuchipatala, munthu amene dzana lomweli ankaimba mluzu.

Tsiku lina bambowo ali mtulo, Amake Mapasa analowa m'galaja mwakachetechete n'kutsitsa geji pa shelefu. Anakankha kamwendo kaja ndi chala, pang'onopang'ono. Muvi waukulu unanyamuka pa ziro, unazungulira nkhope yonse, n'kudzafikanso pa ziro. Nthawi yomweyo kamuvi kakang'ono kanasuntha kuchoka pa thuu kufika pa firii.

"Mayo ine," ananong'ona.

Kani kamuvi kameneka kamawerenga maulendo a muvi waukulu! Ziro yawo ya kumanja ija inali ziro ya ulendo wina. Mutu wa makina unali wopendama chipendamire, ndipo manja a amuna awo analibe mlandu uliwonse.

Anabwezera geji pa shelefu n'kutuluka. Madzulo anawaphikira bambowo zimene amakonda, anawasitira malaya, anawachekera zikhadabo. Koma pakamwa anatseka. Kuulula kunali kumuitananso Ovololo, kuti adzalowe pageti lomwe lija chifuwa chili patsogolo, n'kudzati, "Ndinanena ine, alamu." Nsanje ndi matenda oipa. Munthu mankhwala ake akuwadziwa, ali m'manja mwake, koma kumeza ayi. Mawa ndinena, ankatero. Mawa likafika, ankatinso mawa.

M'mawa wina akumwa tiyi, a Sipanala analankhula osakweza mutu.

"Ndalankhula ndi Ovololo pa foni. Makina aja ndamupatsa. Abwera ndi galimoto mawa."

Amake Mapasa anaika kapu pansi. "Mwamupatsa? Makina anu aja?"

"Nanga azichita dzimbiri pansi pa nsalu? Iye maso ali nawo. Anayamba wakana, amati mwina mutu sunawongoke. Ndinamuuza kuti geji anawerenga ndi akazi anga, ndipo anapeza ziro mbali zonse. Anangoti chete."

"Ndiye inu muzitani?"

"Ndizipita kumeneko masana, kukaonerera. Ngakhale kumusesera tizitsulo pansi, bola ndizimvako fungo la oilo."

"Tsiku lililonse?"

"Nanga pano ndikupanga chiyani, amayi?"

Taonani zimene anadzipalira! Anamuthamangitsa mayi uja kuti asamalowe m'galaja, ndipo tsopano galaja yonse inali kusamukira kwa mayiyo, makina ndi mwini wake yemwe. Kumeneko kukakhala kuseka kopanda wosuzumira, shuga woyezedwa ndi dzanja la wina. Iwo azidzatsala pakhonde kudikira bambo wobwera madzulo atatopa ndi kusesa kwa eni. Tsiku lonselo anayenda uku ndi uku m'nyumba, kugwira ichi n'kusiya, mpaka mkaka unasefukira pa mbaula iwo ali chiimire pomwepo.

M'mawa mwake galimoto inafika dzuwa litakwera. Dalaivala anatsika ndi zingwe paphewa. Ovololo anatsikanso, koma anaima pageti, manja ali m'matumba.

"Lowani, mwaimiranji pamenepo?" anaitana a Sipanala.

"Ndidikira pompano, achimwene. Dalaivala akwanitsa."

A Sipanala analowa m'galaja, anavundukula nsalu ija n'kuipinda bwinobwino. Kenako anasisita tebulo la makinawo ndi chikhatho, uku ndi uku, ngati akutsanzikana ndi mwana wopita kutali. Amake Mapasa ataona dzanja limenelo, china chake chinaduka mumtima mwawo. Dalaivala akuti alowe, anapeza mayiwo ataima pakhomo, manja atagwira mafelemu onse awiri.

"Makinawa sachoka pano."

"Amayi, musandichititse manyazi pamaso pa anthu," anatero a Sipanala.

"Kamuvi kakang'ono kaja," anatero Amake Mapasa. "Kumanzere kanali pa thuu. Kumanja kanali pa firii."

A Sipanala anavula magalasi pang'onopang'ono.

"Munakaona?"

"Ndinakaona."

"Tsiku lomwelo?"

"Tsiku lomwelo. Koma tanthauzo lake ndinalidziwa pambuyo pake."

"Pambuyo pake liti? Lero?"

Amake Mapasa anayang'ana pansi. "Papita masiku."

Bambowo anagwedeza mutu kangapo, ngati munthu amene akuwerengera chamumtima. Sanakweze mawu, ndipo zimenezo ndizo zinaopsa kwambiri.

"Ndiye masiku onsewa ine ndimadzilira maliro ndili moyo, inu mukundithirira tiyi."

"Abambo, ine ndimaopa kuti..."

"Ovololo!" anaitana mokweza, kudutsa pamwamba pa phewa la akazi awo. "Tabwerani ndi maso anuwo."

Amake Mapasa anachotsa dzanja pafelemu kuti mayiyo adutse. Anadikira mawu aja a "ndinanena ine", anali atawakonzera kale yankho. Koma Ovololo anangoti, "Zikomo, alamu," motsitsa, osawayang'ana n'komwe kumaso. Chifundo chimenecho chinawawa kuposa chipongwe.

Ovololo anamangirira geji ku kamkono, anakhudzitsa kumanzere, anazungulitsa kumanja.

"Wazungulira kamodzi kathunthu, achimwene. Mutu ndi wopendama. Ndi mutu umenewu, ngakhale mngelo akanaboola mokhota."

A Sipanala anatulutsa mpweya wautali. Anavalanso magalasi, anapinda manja a malaya mpaka m'zigongono, ndipo msana umene unali utapindika masiku onsewa unawongoka. Anamuuza dalaivala kuti apite, katundu sanyamulidwa. Galimoto potembenuka inautsa fumbi la pabwalo, mphepo n'kulilowetsa m'galaja.

Amake Mapasa anali chiimire m'kati, pafupi ndi khomo. Anasendera phazi limodzi kutsogolo, kuti mwina awauza kuti bwerani muone mmene amawerengera. A Sipanala anatola hamala ya labala, ndipo analankhula osacheuka.

"Amayi, mukamatuluka mutitsekere chitseko. Fumbi likulowa."

Anayang'ana msana wa amuna awo kwa kanthawi, koma bambowo anali atawerama kale pa makina. Anatuluka. Chitseko cha galaja chinali cholemera, mahinjesi ake adzimbiri, ndipo chinakana kuyenda. M'kati kugogoda kunali kutayamba. Anachikoka ndi manja awiri mpaka chinatsekeka, iwo ali kunja.